Mafunso ndi Mayankho: Kusamalira Magombe a Nyanja ya Malawi

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wogulitsa usipa ku Senga Bay, m'boma la Salima, amene akudandaula kuti anthu akasesa pa doko, sipatha sabata majumbo ndi mabotolo asanadzazenso pamchenga, ndipo akufunsa ngati kusesako kuli ndi phindu.

Phindu lilipo, mayi, koma tsache limangochotsa zimene zafika kale, pamene gwero la zinyalalazo lili pawiri: zina zimakokoloka ndi mitsinje kuchokera kumtunda nthawi ya dzinja, zina zimatayidwa pa doko pomwepo ndi ogula ndi ogulitsa. Boma linaletsa majumbo opyapyala, osafika ma micron 60 kukhuthala kwake, m'chaka cha 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, komabe majumbowa akupezekabe m'misika. Choopsa kuposa pulasitiki ndi kusowa kwa zimbudzi, chifukwa pa doko pamene asodzi mazanamazana amagona, anthu ambiri amadzithandiza m'madzi omwewo amene amayi amatunga ndi kutsukira nsomba asanaziyanike pa thandala. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700, anasautsa kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay. Popeza dzenje lokumbidwa mumchenga siligwira, chimbudzi cha pa gombe chimafunika kumangira njerwa kuyambira pansi, ndipo ntchito yotere ndi yosonkherana doko lonse.

Kalata yachiwiri, ya msodzi wa ku Mangochi, ikufunsa kuti komiti ya pa doko ili ndi mphamvu zanji, poti ena amaipeputsa poyera.

Komiti ya pa doko, imene ambiri amangoitchula kuti BVC, ndi gulu losankhidwa ndi anthu odalira doko limodzi, monga eni maukonde, alovi (omwe ndi antchito okoka ndi kupalasa), owamba nsomba ndi amalonda, kuti liziyang'anira usodzi mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nsomba. Makomitiwa anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993, chambo chitatsala pang'ono kutheratu kumeneko, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 linavomereza kuti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali posamalira nsomba. Ntchito yawo yaikulu ndi kuletsa usodzi wa khoka pa nyengo imene chambo chikuswana, mu Novembala ndi Disembala, komanso kuletsa kupha nsomba ndi masikito. Chifukwa chake chili pa gombe penipeni: chambo chachimuna chimakumba chisa mumchenga wa m'madzi osaya, chachikazi chimafungatira mazira m'kamwa, ndipo ana ake, otchedwa kasawala, amabisala m'bango ndi m'udzu wa m'madzi kufikira atakula. Khoka lokokedwa pansi limafafaniza zisazo ndi kuzula udzuwo, pamene masikito sasiya ngakhale kansomba kochepa ngati mbewu ya mpunga.

Kupeputsidwa kumene bambowa akunena ndi koona, ndipo kawirikawiri kumabwera pamene komiti inakhazikitsidwa ndi alendo, mamembala n'kumayembekezera ndalama za misonkhano, kapena pamene mfumu ikulandira nsomba kwa ophwanya malamulo. Chilumba cha Mbenji, ku Salima, chikuonetsa njira ina. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi pachilumbachi kuyambira mu Disembala kufikira cha mu Epulo, ndipo nthawi imeneyi palibe amene amaloledwa kukhalapo. Usodzi ukatsegulidwa, mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, ndipo wolakwa amathamangitsidwa. Malamulowa anagwira popanda kudikira thandizo lakunja chifukwa asodzi amawaona kuti ndi awo, ndipo utaka wa ku Mbenji umadziwika ndi kukula kwake. Sikuti doko lililonse lingatengere zonse, pakuti chilumba n'chosavuta kulondera kusiyana ndi gombe lotseguka, ndiponso lamulo la kumeneko loletsa amayi kufika pachilumba silingayenere pa doko limene malonda ake ali m'manja mwa amayi.

Kalata yotsiriza ndi ya mphunzitsi wa ku Chembe, ku Cape Maclear, amene akufunsa chifukwa chake likodzo silikutha pakati pa ana asukulu.

Likodzo limayamba ndi tizilombo timene mazira ake amatuluka ndi mkodzo wa wodwala, n'kukakulira mu nkhono za m'madzi, kenako n'kulowa pakhungu la wosambira. Akatswiri amene anafufuza ku Chembe anapeza kuti nkhonozi zinachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa chokokedwa mopitirira muyeso m'madzi osaya. Mankhwala a praziquantel amachiza mwana, koma mwanayo akabwerera m'madzi omwewo amadwalanso, choncho sukulu iyenera kugwirizana ndi komiti ya pa doko pa zinthu ziwiri, zimbudzi pafupi ndi malo osambira ndi kuchotsa makoka m'mphepete mwa mudzi.