Fupa Likadyeka Pamphanda pa Mizu ya Dzino

Funso: Adokotala, nkhama zanga zimatuluka magazi, ndipo andiuza kuti fupa ladyeka pakati pa mizu ya dzino lachibwano. Kodi lidzameranso? Ndine mayi wa ku Nkolokosa.

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Dzino lachibwano limakhala ndi mizu iwiri kapena itatu, ndipo litsiro louma likakhazikika pamphanda pake, pamene mswachi sufika, fupa limadyeka pang'onopang'ono. Lotayikalo silibwerera lokha, komatu matendawo angathe kuimitsidwa. Musazengereze, pitani ku chipatala cha Gulupu, kumene adzajambula dzinolo ndi kupala mizu yake pansi pa nkhama. Mphako ikaboola mbali zonse, dzino nkumagwedera, nthawi zina kulizula ndiko chifundo. Ngati mumasuta fodya lekani, ndiponso kayezetseni shuga, pakuti ziwirizi zimafulumiza kudyeka kwa fupalo.