Makalata a Omvera: Asuweni, Munda wa Agogo ndi Ukwati

Muulutsi: Lero tili ndi amayi amene athandiza mabanja kwa nthawi yaitali pa milandu ya maukwati ndi malo. Kalata yoyamba yachokera pa Chitakale pompano ku Mulanje, kwa bambo wina wopalasa kabaza pamphambano yolowera ku Likhubula. Akuti: "Ndinakulira kwa agogo obereka bambo anga, poti makolo anga ankathyola tiyi ku esiteti. Ine ndi mwana wa azakhali tinkafunda bulangete limodzi m'gowelo, tinavinidwa chaka chimodzi, akalakwa iye ndinkakwapulidwa ndine. Agogo atamwalira wandiuza kuti pamunda wawo palibe changa. Kodi chibale chonse chija chinali chabodza?" Amayi, tiwayankhe bwanji?

Mlangizi: Bambo, pepani, zimawawa ndithu. Chibalecho sichinali chabodza, koma msuweni wanuyo sananame. Kuno kwa Alhomwe ndi Amang'anja mwana amatsata kuchikazi. Bambo anu anabadwira pamudzi paja, koma atakula anakalowa chikamwini kwina. Munda wa agogo umatsikira kwa azakhali anu, kenako kwa ana awo aakazi. Ndiye taonani, ngakhale msuweni wanu amene akulankhula mokwezayo, mundawo si wake. Iye akulondera za alongo ake monga mwini mbumba wamawa, ndipo naye adzakalima kumene adzakwatire. Gawo lanu lili kwa amayi anu.

Muulutsi: Koma amayi, munthu wakula akupalira munda womwewo. Kumeneko si kukondera?

Mlangizi: Kale funsoli silinkabuka n'komwe, chifukwa nyakwawa inkangoloza tchire n'kuti kalimeni apo. Lero muloza pati? Yendani kuchokera pa Chitakale kulowera ku Muloza, mbali ino tiyi, mbali iyo phiri. Tiyi anayamba kutenga nthaka yabwino ya Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo makolo ambiri a Alhomwe anachoka ku Mozambique kudzagwira ntchito m'maesiteti omwewo n'kukhazikika m'timalo totsala. Tawonjezani namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, amene anakwirira minda ina ndi miyala ndi mchenga. Anthu sanasanduke ouma mtima, malo ndi amene atha.

Ndipo bambo, mwambo womwewu unali ndi mbali ina imene ikanakupwetekani. Kale bambo anu akanamwalira, njinga yawo ndi mbuzi zawo zikanapita kwa msuweni wanu yemweyo, poti ndi mwana wa mlongo wawo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linasintha zimenezo: katundu wa malemu ndi wa mkazi wake ndi ana ake choyamba, ndipo kulanda ndi mlandu. Choncho aliyense wa inu ali ndi chake chimene mnzake sangakhudze.

Ine ndikanati musathamangire kubwalo. Tengani amalume anu a kuchikazi, mupite kwa azakhali, osati kwa msuweni, mukapemphe ndime yobwereka, nyakwawa ikhale mboni. Nthawi zambiri azakhali samukaniza mwana amene anamusambitsa okha. Akakupatsani bzalanipo chimanga ndi nandolo. Nthochi, mitengo ndi nyumba ya njerwa ayi, chifukwa zimenezo n'zimene zimadzayambanitsa ana anu ndi ana awo.

Muulutsi: Kalata yachiwiri ndi ya mtsikana wa ku Chisitu, wa zaka 22. Akuti akufuna kukwatiwa ndi mwana wa amalume ake. Agogo akululutira, koma anzake a kwaya akumunena kuti akuchita malaulo.

Mlangizi: Mwana wanga, anzakowo asakaniza zinthu. Mwana wa amayi aang'ono kapena wa bambo aakulu ndi mlongo wako, pamenepo ndiye malaulo enieni. Mwana wa amalume kapena wa azakhali ndi msuweni, ndipo makolo ankaukonda ukwati wotere: mkamwini ndi wodziwika khalidwe lake, ndipo thukuta la amalume limadyedwa ndi adzukulu awo omwe. N'chifukwa chake agogo akusangalala.

Koma ndikufunse. Tsiku limene mudzayambane, nkhoswe yako adzakhala ndani? Mwachizolowezi ndi amalume. Tsono amalumewo ndi bambo a mwamuna wako, apongozi ako. Adzaweruza mwana wawo wobereka okha? Ndaona atsikana akupirira nkhanza chifukwa kudandaula kukanapasula mudzi wonse. Musanapange chinkhoswe, papezeke munthu wina woima kumbali yako yekha, kaya amalume ena, kaya mchimwene wako wamkulu.

Chachiwiri ndi magazi. Pali matenda otengera kumtundu monga siko selo, amene munthu amatha kukhala ndi mbewu yake osadwala. Anthu a agogo amodzi amakhala ndi mpata waukulu wokhala nayo onse awiri, ndipo zikatero, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi matendawo. Pitani limodzi kuchipatala, mukanene poyera kuti ndinu asuweni, akulangizeni za kuyezetsa. Mukafunsenso abusa anu ndi ku ofesi yolembetsa maukwati kwa DC musanagule nsalu, poti mipingo imasiyana maganizo pankhaniyi.

Muulutsi: Nthawi yatithera, koma iyi sitingaisiye. Mayi wina wa ku Limbuli akuti mwana wa achimwene awo, mnyamata wamkulu ndithu, akukhala nawo pakhomo, ndipo amakonda kuitana mwana wawo wa zaka 13 kuti "mkazi wanga". Posachedwapa mtsikanayo wayamba kukana kutsala naye pakhomo.

Mlangizi: Mayi, nthabwala ya chisuweni imachitikira pagulu, masana, onse awiri akuseka. Mwana akayamba kuthawa, pali chimene chachitika kapena chatsala pang'ono kuchitika. Lero lomwe mukhale naye awiriwiri, mumufunse modekha, osamukalipira. Mnyamatayo akagone kwina kuyambira usiku uno, achimwene anu akwiye ngati akwiya. Malamulo a dziko lino, kuyambira mu 2017, amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana, ndipo chisuweni si chilolezo. Mwanayo akaulula kuti anamugwira, nkhaniyo musaikambire pansi pa mtengo ndi ankhoswe. Mupite naye kuchipatala msanga, pasanathe masiku atatu ngati n'kotheka, kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, kenako kupolisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Mukhozanso kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana.