Kayalidwe ka mapaipi oziziritsa giyabokosi ya otomatiki pa galimoto yakale

Fodya akayenda bwino ku okushoni ya Chinkhoma, mabanja ena kuno ku Lisasadzi amakumbukira galimoto imene yakhala pa njerwa kuseri kwa chigafa zaka zambiri: Cressida ya m'ma 1980, Benz yakale, kapena Hilux Surf yochokera ku Japan. Ndalama zimathera ku injini, matayala ndi penti. Mapaipi awiri ochoka ku giyabokosi kupita ku rediyeta saganiziridwa, chonsecho ndi amene amateteza giyabokosi ya otomatiki kuti isapse.

Oyilo wofiira wa m'giyabokosi, wotchedwa ATF, ndiye amapereka mphamvu ya injini ku magiya, ndipo amatentha kwambiri galimoto ikamakoka katundu pang'onopang'ono, monga ponyamula mabelo mumsewu wamchenga wochoka kumunda kukalowa mu M1, kapena m'dzuwa la Okutobala. Amagwira bwino ntchito pa madigiri 80 kapena chapamenepo. Akapitirira 120 amada n'kuyamba kununkha kupserera, magiya n'kumaterereka. Paipi imodzi imapita naye wotentha ku kathanki kamene kali m'kati mwa rediyeta, inayo imabwera naye atazizirako.

Musanamasule kanthu, jambulani mapaipi akalewo ndi foni, mumange kachingwe pa yopita kuti isasokonezeke ndi yobwerera. Ngakhale atadyeka ndi dzimbiri musawataye msanga, chifukwa mudzapindira atsopano poyang'ana omwewo. Ngati adasowa kale, vekani timapaipi talabala pa mabowo onse awiri a giyabokosi, mulozetse m'chidebe, mnzanu alize injini kamphindi kochepa n'kuzimitsa. Bowo limene latulutsa oyilo ndilo lopita.

Gulani mapaipi achitsulo olingana ndi akale. Kawirikawiri amakhala a mamilimita 8 kapena 10. Amkuwa a m'mafiriji amapindika mosavuta, n'chifukwa chake anthu amawakonda, koma ine sindingawaike pa galimoto yoyenda m'misewu yathu yamabampu. Mkuwa ukamagwedezeka umauma, kenako umang'aluka pafupi ndi nati. Labala nayenso akhale wopangidwira oyilo wa giyabokosi, wolembedwa pathupi pake. Paipi ya petulo imafewa ndi oyilo wotentha ndipo imaphulika tsiku limene mwanyamula kwambiri.

Ntchito yeniyeni ili pa njira imene mapaipiwo adutse. Kwezani galimoto pa zochirikiza zolimba, osati pa jeke yokha, mugone pansi ndi waya wokhuthala, muupinde kutsata njira imene mukufuna musanakhudze chitsulo. Mapaipi ayende m'mbali mwa injini, pamwamba pa mzere wa tchesisi. Pa galimoto ya kumudzi ili ndilo lamulo lalikulu: paipi isakhale chinthu chotsikitsitsa kunsi. Msewu wa ngolo umakhala ndi msana pakati, m'minda muli zitsa ndi mizere, ndipo paipi yolendewera ikakodwa oyilo yense amathera pansi m'mphindi zochepa, inu osadziwa. Italikirane ndi ekizozi, danga lokwana chikhatho ngati malo alipo. Popanikiza ikani kachitsulo kotchinga kutentha pakati pake. Pewani fani, lamba wake ndi zitsulo za chiwongolero, ndipo mnzanu akhotetse chiwongolerocho mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri inu mukuyang'ana ngati pali pokhudzana.

Popinda gwiritsani chopindira mapaipi, makona akhale otakasuka. Paipi yopindidwa pabondo imafinyika, oyilo amadutsa pang'ono, giyabokosi n'kumatentha ngakhale kulibe podontha. Mapaipiwo agwireni ndi makilampu okhala ndi labala m'kati pa masentimita 30 kapena 40 alionse. Waya wamba ayi: amadya chitsulo pang'onopang'ono mpaka kuboola.

Injini imagwedera pa malabala ake pamene rediyeta ili chikhalire pa thupi la galimoto. Choncho kumapeto, pafupi ndi rediyeta, siyani kachidutswa kalabala kafupi, komasukirako pang'ono, kuti kazilandira kugwederako. Nsonga ya paipi yachitsulo muitukule mlomo kuti labala asavuke, kenako mumange ndi kilampu.

Rediyeta yakale ili ndi msampha wake. Kathanki kam'kati kakang'aluka, madzi amasakanikirana ndi oyilo, ndipo pa ndodo yoyezera mumaona zotuwa mofiirira ngati mkaka. Zikatero imitsani galimoto, chifukwa madzi amamatula zogwirira magiya. Muyezetse rediyetayo kwa makaniko musanalumikize. Ngati giyabokosi yakale idafa, tsukani kathankiko bwinobwino kapena mugule rediyeta ina, kuopa kuti tizitsulo totsalira tingalowe m'giyabokosi imene mwangoikayo.

Amene azinyamula mabelo kapena feteleza chaka ndi chaka awonjezere choziziritsira china chaching'ono kutsogolo kwa rediyeta, pamene mphepo imawomba. Oyilo achoke ku giyabokosi, adutse m'rediyeta, alowe m'chowonjezeracho, ndipo abwerere. M'chilimwe muzichotsamo njere za udzu ndi fumbi.

Thirani oyilo wa mtundu umene walembedwa pa ndodo yoyezera kapena m'buku la galimotoyo. Zambiri zakale za Toyota zimafuna Dexron. Lizani injini pamalo osatsetsereka, mutaponda mabuleki mudutse magiya onse, mubwerere pa P, muyeze injini ikulira, chifukwa mapaipi atsopano amameza oyilo wina. Yendani mpaka pa Kasungu boma ndi kubwerera, muyezenso atatentha, ndipo mupukute polumikiza paliponse ndi nsalu yoyera kuti muone ngati pali kufiira. Pakatha sabata, mangitsaninso makilampu onse, popeza labala watsopano amaphwa akatenthedwa.