Mwana wa Msodzi Amene Anakonza Kanema

Kodi munaonerapo kanema, kaya m'holo kaya pa wailesi yakanema? Anthu amene timawaona paja sachita zinthu mwa okha ayi. Kumbuyo kwao kuli munthu wina amene saoneka. Iyeyu ndiye amasankha nkhani. Amasankhanso anthu ochita sewero ndi malo ojambulirako. Amauza wojambula poyambira ndi polekezera. Munthu wotere amatchedwa wotsogolera kanema.

Lero tiwerenga za mmodzi wa anthu otere. Dzina lake ndi Ousmane Sembène. Kwao kunali ku Senegal, dziko la kumadzulo kwa Africa.

Ubwana wake

Sembène anabadwa m'chaka cha 1923 m'tauni ya Ziguinchor. Atate ake anali msodzi. Masiku amenewo dziko la Senegal linali m'manja mwa Afalansa. Mnyamatayu sanapite patali ndi sukulu. Anamchotsa ali ndi zaka pafupifupi 13. Atasinkhuka anapita ku Dakar, mzinda waukulu wa dzikolo. Kumeneko anagwira ntchito yomanga nyumba ndi yokonza galimoto. M'chaka cha 1944, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, analowa usilikali.

Ntchito ya pa doko

Nkhondo itatha, Sembène anakwera sitima ya pamadzi mobisala, ulendo wa ku France. Anapeza ntchito pa doko la Marseille. Ntchito yake inali yokweza ndi kutsitsa katundu m'sitima. Inali ntchito yowawa, ndipo tsiku lina anavulala msana.

Bungwe la anthu apantchito kumeneko linali ndi nyumba ya mabuku. Sembène anayamba kubwereka mabuku ndi kuwerenga kwambiri. Pang'ono ndi pang'ono nayenso anayamba kulemba. M'chaka cha 1956 buku lake loyamba linatuluka. Linali lonena za munthu wakuda wogwira ntchito pa doko. M'chaka cha 1960 anatulutsa buku lina. Ili linali lonena za anthu a pa njanji ya ku Dakar amene ananyanyala ntchito mu 1947 ndi 1948.

Mabuku opanda owerenga

Dziko la Senegal linalandira ufulu mu 1960, ndipo Sembène anabwerera kwao. Koma anapeza vuto lalikulu. Mabuku ake anali a m'Chifalansa. Anthu ambiri a kwao ankalankhula Chiwolofu, ndiponso sankadziwa kuwerenga. Asodzi, alimi ndi amayi a mu msika, amene iye anawalembera, sakanatha kumva uthenga wake.

Nanga akanatani? Iye anaona kuti munthu wosadziwa kuwerenga ali nawo maso ndi makutu. Choncho anapita ku Moscow, m'dziko la Russia, kukaphunzira kukonza kanema. Nthawi imeneyo n'kuti ali ndi zaka pafupifupi 40.

Mu 1963 anakonza kanema wamfupi wotchedwa Borom Sarret, wonena za mmphawi woyendetsa ngolo. Mu 1966 anakonza kanema wa mtsikana amene anapita kukagwira ntchito ya m'nyumba ku France, nazunzika kumeneko.

Nkhani ya a Dieng

Mu 1968 anakonza Mandabi. M'kanema ameneyu anthu ankalankhula Chiwolofu, chinenero chao. Nkhani yake ndi iyi:

Bambo wina, a Ibrahima Dieng, sanali pa ntchito. Tsiku lina mbale wao wa ku Paris anawatumizira ndalama kudzera ku positi ofesi. Banja lonse linakondwera, mpaka linayamba kutenga zinthu pa ngongole. Koma a Dieng sankadziwa kuwerenga. Kalata anachita kuwawerengera munthu wina. Ku positi anawauza kuti abwere ndi chiphaso. Kuti apeze chiphaso, panafunika chikalata chosonyeza tsiku limene anabadwa. Anayenda ofesi ndi ofesi, osaphula kanthu. Pomaliza anapatsa mphamvu munthu wina wophunzira kuti akawatengere ndalamazo. Munthu uja anatengadi, koma ananama kuti zabedwa. A Dieng anatsala manja lende, ngongole zili thoo.

Anthu poonera ankaseka, koma ankadzionanso okha m'nkhaniyo. Sembène ankati kanema ali ngati sukulu ya madzulo. Ankayenda m'midzi kuonetsa kanema wake, ndipo akatha ankakambirana ndi anthu zimene aona.

Iye sanaleke ntchitoyi ngakhale atakalamba. Kanema wake wotsiriza, Moolaadé, anatuluka mu 2004, iye ali ndi zaka 81. Anamwalira ku Dakar mu 2007. Anthu ambiri amamutcha tate wa kanema wa mu Africa.

Taonani, munthu amene anachotsedwa sukulu ali mwana anadzaphunzira atakula, naphunzitsanso anzake.

Mafunso

1. Kodi wotsogolera kanema amagwira ntchito yanji?
2. Sembène anawapeza kuti mabuku owerenga?
3. N'chifukwa chiyani anayamba kukonza kanema?
4. A Dieng anataya bwanji ndalama zao?
5. Kambiranani: kodi mukudziwa munthu amene anapusitsidwa chifukwa chosadziwa kuwerenga?
6. Lembani dzina lanu, mudzi wanu ndi chaka chimene munabadwa.