Mafunso a Omvera: Kuwinduka kwa Dzuwa

Kalata yoyamba lero yachokera kwa aphunzitsi ena a sayansi ku Mchinji. Akuti: "Ana anga a Folomu 4 andifunsa kuti, Dzuwa si chitsulo, nanga mphamvu ya maginito limaitenga kuti?"

Aphunzitsi, ana amenewa muwayamikire, afunsa zakupsa. M'Dzuwa ndi motentha kwambiri moti maatomu amasweka, ma electron n'kumayenda paokha. Mpweya wotere timautcha plasma, ndipo magetsi amayendamo mosavuta. Tsono plasma ameneyu sakhala bata. Chigawo chakunja cha Dzuwa chimabwata ngati phala pamoto: wotentha akukwera, wozizirako akutsika, usana ndi usiku. Komanso Dzuwa silizungulira lonse pamodzi. Pakati pake pamatenga masiku pafupifupi 25, pomwe kumsonga kwake amapitirira 30.

Mu 1942, Hannes Alfvén wa ku Sweden anaonetsa kuti mu plasma mizere ya maginito imatsatira kumene mpweyawo ukupita. Ndiye kuwinduka kuja kumaikoka mizereyo, kuipota, kuipinda, mphamvu yake n'kumakula. Pakatha zaka pafupifupi 11, kumpoto kwa maginito a Dzuwa kumasanduka kummwera.

Kalata ina ndi ya mayi a ku Zomba: "Ndinamva kuti mpweya wozungulira Dzuwa ndi wotentha kuposa pamwamba pa Dzuwalo. Si paja ukatalikira moto kutentha kumachepa?"

Mayi, munamva zoona, ndipo funso lanuli lakhala likuwasowetsa tulo akatswiri. Pamwamba pa Dzuwa pamatentha madigiri pafupifupi 5,500, koma mpweya wozungulirawo, wotchedwa corona, umapitirira 1,000,000. Ena amati mizere ya maginito imaduka n'kulumikizananso, ndipo pamenepo pamatuluka kutentha. Ine ndimakopeka kwambiri ndi yankho la mafunde: kubwata kuja kumagwedeza mizereyo, mafunde n'kukwera nayo. Akakumana kumwambako amaswekasweka, aakulu kubala ang'onoang'ono, mpaka mphamvu yawo isanduke kutentha.

Kuti akaone pafupi, a NASA anatumiza chombo cha Parker Solar Probe mu 2018. Pa 24 Disembala 2024 chinafika pa mtunda wa makilomita 6.1 miliyoni kuchokera pa Dzuwa, ndipo m'maulendo ake chapeza mizere ya maginito yopindika mwadzidzidzi ngati chilembo cha S.

Koma inu mayi, ndi ana a sukulu aja, chonde musaliyang'ane Dzuwa ndi maso, ngakhale mutavala magalasi akuda. Limawononga maso.