Phunziro: Makomo a Kakompyuta

Tiyeni tiwerenge.

Arduino ndi kakompyuta kokwana m'dzanja. Anayamba kukapanga mu 2005 m'tauni ya Ivrea, ku Italy. Mtundu wake wotchedwa Uno unatuluka mu 2010.

Kakompyutaka kalibe maso, kalibenso manja. M'mbali mwake muli timabowo tolowetsamo mawaya. Timabowoti timatchedwa mapini. Mapini ndiwo makomo ake. Uthenga umalowera pamenepo, lamulo limatulukiranso pamenepo.

Uno ali ndi mapini 14 odziwa zinthu ziwiri zokha: magetsi alipo kapena palibe. Ndife timasankha kuti pini iyi ikhale yolowera, iyi yotulukira. Mapini ena 6, kuyambira A0 mpaka A5, amayeza kuchuluka kwa magetsi. Amapereka nambala kuyambira 0 mpaka 1023.

Tiyerekeze kuti tili kudimba. Takwirira kachipangizo koyezera chinyezi m'nthaka, takalumikiza ku A0. Nthaka ikauma, nambala imasintha. Pamenepo kakompyuta kamatsata malangizo amene tinakalembera, kamatumiza lamulo pa pini 8 kuti pampu ithirire.

Koma tisamale! Pini imapereka mavoliti 5, ndipo magetsi ake asapitirire mamiliampeya 20. Pampu imafuna ochuluka kuposa apo. Tikailumikiza mwachindunji, kakompyuta kadzapsa, ndipo mbewu zathu zidzafota. Nchifukwa chake pakati timaikapo swichi yotchedwa relay. Pini imangoyatsa swichiyo. Pampu imatenga mphamvu ku batire yake.

Tiyankhe:
1. Kodi mapini amagwira ntchito yanji?
2. Nchifukwa chiyani sitilumikiza pampu ku pini mwachindunji?

Tilembe: pini, waya, batire, chinyezi.