Dengu Laling'ono pa Nkhokwe Yaikulu

Anzanga amene mukuphunzira za makompyuta, tiyeni tiganizireko za cinthu cimodzi cimene mabuku athu sanenapo kwambiri, koma cimene cimaononga zolemba za anthu kacetecete monga anankafumbwe.

Masiku ano maina a anthu sasungidwa m'mabuku a kalaliki okha ai. M'caka ca 2017 boma, kudzera mu National Registration Bureau, linalemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika, ndipo makolo athu a ku Mponela, ku Madisi ndi ku Malomo ali momwemo. Zolemba zotere zikhala mu database, imene tingaiyerekeze ndi nkhokwe yogawidwa m'zipinda: cipinda ca dzina, ca mudzi, ca mau ena ofotokoza. Cipinda ciri conse dzina lake ndi kolamu, ndipo womanga nkhokweyo ndiye alamula kukula kwake.

Muyeso wake ndi bayiti. Cilembo wamba, monga a kapena m, cidya bayiti imodzi. Mu MySQL, kolamu ya TINYTEXT ilandira mabayiti 255 okha, ya TEXT 65,535, ya MEDIUMTEXT 16,777,215. Nanga munthu akathira zoposa muyeso? Kale MySQL inali kudula zotsalazo ndi kungopereka kacenjezo kamene ambiri sanali kukawerenga. Kuyambira pa MySQL 5.7, imene inaturuka mu 2015, imakana ndithu kulandira. Ine ndiona kuti kukanaku ndiko kwabwino, pakuti kalaliki adziwa pomwepo kuti pali bvuto.

Tsono tifike pa mwini nkhani, ndiye driver. Ameneyu si woyendetsa galimoto ai. Ndi kapulogalamu kamene kaima pakati pa nkhokwe ndi pulogalamu imene iri pamaso pathu, ndipo nchito yake ndi kutapa ndi kutuma. Taganizani mwana amene atumidwa kukatapa cimanga. Nkhokwe ingakhale idzaze mpaka ku denga, cimene cifika pa mtondo ndi cokwana m'dengu lake basi. Cobvuta ndi cakuti driver ali yense afika ndi dengu lake limene anamsankhira opanga ake, ndipo munthu akapanda kulisintha, likhala lomwelo.

Citsanzo codziwika ndi ca SQL Server ya Microsoft. Kolamu yake ya text itha kusunga mabayiti 2,147,483,647. Koma pali lamulo lina, dzina lake TEXTSIZE, lonena kuculuka kwa mau amene atumizidwe kwa wofunsa, ndipo popanda wolikhudza liima pa 4,096. Umenewu ndi pafupi-fupi utali wa nkhani ino. Driver wa ODBC wa Microsoft mwini amakweza lamuloli yekha pongolumikizana, motero womgwiritsa nchito saona cobvuta. Koma driver wina, FreeTDS, amene anthu a Linux amamkonda, kwa zaka zambiri anali kufika ndi citsanzo ca malangizo colembedwa 64,512. Opanga ake sanacite izi mwa ulesi: anaopa kuti kompyuta ingasungire malo akulu kopambana poyembekeza mau, niingatheretu mphamvu. Motero anthu awiri angafunse nkhokwe imodzi funso limodzi, wina nalandira kalata yonse, mnzake nalandira yoduka mcira.

Apa pafunika kucenjera. Mau akadulidwa poturuka, m'nkhokwe akali onse. Koma tayesani kuti namwino atsegula mbiri yaitali ya wodwala, ifika yoduka iye osadziwa, akonzamo liu limodzi, nasunga. Yodukayo ilowa m'malo mwa yathunthu, ndipo mau a kumapeto, kumene kawiri-kawiri kukhala mankhwala atsopano, apita osabweranso.

Palinso bvuto lina limene litikhudza ife eni cinenero cino, ndilo cilembo ca ŵ ca m'dzina la Malaŵi. M'kalembedwe ka UTF-8 cilembo cimeneci cidya mabayiti 2, cifukwa cake kuwerenga zilembo ndi kuwerenga mabayiti si cinthu cimodzi. Coposa apo, MySQL isanafike pa 8.0 ya mu 2018 inali kuyamba ndi kalembedwe ka latin1, kamene kanakonzedwera zinenero za ku Ulaya wa kumadzulo. M'menemo é wa m'maina a Cifalansa, monga a anzathu ocokera ku Congo amene ali ku Dzaleka, alowa bwino lomwe, koma ŵ wathu mulibe, ndipo pamalo pake pamatsala cizindikiro ca funso. Driver nayenso ali ndi kalembedwe kake, ndipo kakasiyana ndi ka nkhokwe, dzina lisanduka zilembo zosawerengeka. Amene ali ndi foni angadzionere yekha cofanana naco: uthenga wa SMS ulandira zilembo 160, koma mukaikamo ŵ mmodzi yekha, malire atsika kufika pa 70.

Cotero tikamanga database yathu m'kalasi, tisathamangire kulembamo maina a ophunzira. Tiyambe tapeza mabayiti a kolamu iri yonse, malire a driver, ndi kalembedwe ka mbali zonse ziwiri. Mu MySQL tisankhe utf8mb4. Pambuyo pake tilembe mau aatali oposa zilembo 70,000, m'katimo muli ŵ, ndipo kumapeto tiike dzina lakuti Ntchisi. Tisunge, titseke, titsegulenso, ndipo tione ngati Ntchisi akalipo.